MZERE WA PA MAPU NDI NYUMBA YANU: TIDZIWE LAMULO TISANAKUMBE MAZIKO

Awa ndi mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a nthambi za cipani ocokera m'midzi yozungulira mzinda wa Chipata. Tawasindikiza onse kuti amene adziwa kuwerenga akawerengere anzao m'midzi.

Ndithokoza kuti mwasiya makasu anu ndi kuyenda mitunda italiitali kudzamva nkhani imene ndabwera nayo, ndiyo nkhani ya malo ndi kumanga nyumba.

Aliyense amene ayenda pa mseu wa ku Mwami, wa ku Lundazi, wa ku Mfuwe kapena wa ku Chadiza waona ndi maso ace cimene ndikunena. Minda imene tinali kukololamo cimanga ndi nshawa yazikidwa zikhomo, ndipo m'mizere muli milu ya mabuloko ndi mcenga. Tauni ikukula, ndipo ikukulira m'midzi yathu. Ici si coipa, pakuti tonse tinalira citukuko. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Matope ace ndi awa: munthu agula kamalo, athira ndalama zimene wasunga zaka khumi m'simenti ndi malata, ndipo nyumba itafika padenga auzidwa kuti pamene wamangapo mpodutsa mseu, kapena mpa malo a sukulu.

Mfundo yanga lero ndi imodzi cabe, ndipo ndipempha kuti muisunge bwino. Kukhala ndi malo ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo ndi nkhani inanso. Malo acokera kwa mfumu kapena ku cikalata ca Boma. Cilolezo comanga cicokera ku pulani ya dera. Pulaniyo ikasintha, ufulu wanu womanga usinthanso, ngakhale malire a munda wanu sanasunthe ndi phazi limodzi lomwe. Cifukwa cace tiyenera kukhalapo pamene mizere ilembedwa pa mapu. Kukalira mizereyo italembedwa kale sikuthandiza.

MIZERE IMENE ANALEMBA TISAKUDZIWA

Ife a Cigawo ca Kum'mawa tidziwa kuwawa kwa mzere wolembedwa ndi munthu wina. Mu January 1898 asilikali a azungu anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingu, mwana wa Mpezeni, anaphedwa. Pambuyo pace panamangidwa tauni ya Fort Jameson, imene inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Dziko lalikulu masikweya mailosi 10,000 linawerengedwa kuti ndi la kampani ya North Charterland Exploration Company, ngakhale munali midzi, minda ndi manda a makolo athu.

Mu 1928 boma la atsamunda linadula malo amene linawacha marizevu, ndi kukankhiramo anthu akuda. Kumeneko anthu anapanikizana, nthaka inaguga, pamene malo ambiri osungidwira azungu anangokhala chire. Bvuto linakula kotero kuti mu 1941 boma lomwelo linagula malo a kampani ija ndi kuyamba kusamutsirako anthu, ndipo mu 1947 linakhazikitsa mtundu wina wa malo wochedwa Native Trust Land. Pa zonsezi agogo athu sanafunsidwe. Anangouzidwa kuti nyamukani, mzere wadutsa apa.

Titalandira ufulu mu 1964, dzina la Fort Jameson linafafanizidwa ndipo tauni inachedwa Chipata. Koma malamulo a malo sanasinthe tsiku limodzi. Kusintha kwakukulu kunadza pa 30 June 1975, m'nthawi ya cipani cimodzi ca UNIP, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analankhula ku Lusaka mau amene akumbukiridwa ndi dzina la Watershed Speech. Kuyambira pa 1 July caka comweco umwini wamuyaya wa malo unathetsedwa ndi kusandutsidwa lisi ya zaka 100. Nthaka yonse inaikidwa m'manja mwa Pulezidenti kuti aisungire anthu a Zambia. Ndipo kunanenedwa kuti nthaka yopanda comangapo iribe mtengo wogulitsira. Boma limene linalowa pa masankho a 1991 linabweretsa lamulo la Lands Act la 1995. Lamulo ili linasunga nthaka m'manja mwa Pulezidenti, linaphatikiza marizevu ndi Trust Land kukhala malo a mwambo, ndipo linatsegula njira yoti malo a mwambo asandutsidwe lisi ya zaka 99.

PULANI INALI KULEKEZERA PA MALIRE A TAUNI

Tsono mveretsani apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Kwa zaka zoposa 50 lamulo loyang'anira kamangidwe linali Town and Country Planning Act la 1962. Mphamvu yace inali pa malo a Boma, makamaka m'matauni. Mu 1974 kunabwera lamulo lina loona za makomboni, limene linalola khonsolo kubvomereza komboni yomangidwa popanda pulani ndi kupatsa okhalamo laisensi ya zaka 30. Mudzi unali kunja kwa malamulo awiriwa. Nyakwawa akaloza ndi ndodo kuti manga apa, nkhani inali yatha.

Zotsatira zace taziona. Mkati mwa tauni munali miseu yoongoka ndi mapuloti oyezedwa. Kungodumpha malire, nyumba zinali kumera monga bowa, popanda njira yoti ambulansi ipite, cimbudzi ca uyu ciri pafupi ndi citsime ca mnzace. Amene adziwa Nabvutika, Mchini ndi Magazine adziwa kubvuta kwa kulowetsa mseu ndi mapaipi a madzi m'komboni imene nyumba zinayamba kufika pulani isanabwere.

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la nambala 3 la caka cimeneco, lochedwa Urban and Regional Planning Act, ndipo malamulo awiri aja anafafanizidwa. Lamulo latsopanoli linatambasula nchito ya mapulani kuti ifike m'dziko lonse, ndi malo a mwambo omwe. Linaika mapulani motsatana monga makwerero: ya dziko lonse pamwamba, ya zigawo pansi pace, kenaka pulani ya boma lirilonse imene khonsolo iyenera kukonza, yochedwa Integrated Development Plan kapena IDP mwacidule, ndipo pansi penipeni pulani ya kadera kamodzi, imene isonyeza pamene padzakhala nyumba, msika, sukulu, mseu ndi malo osamangapo.

Kodi ndiye kuti mafumu analandidwa mphamvu? Iai. Pa malo a mwambo khonsolo siingalowe ndi zingwe zoyezera monga m'munda mwace. Lamulo linaika njira ya pangano la mapulani pakati pa khonsolo ndi mfumu, ndipo m'pangano limenelo muchulidwa dera limene lilowa m'pulani ndi m'mene mbali ziwirizi zidzagwirira nchito pamodzi. Koma ndiyenera kukuuzani zoona zonse: lamulo lomwelo linenanso kuti mfumu kapena khonsolo ikakana, Nduna ya Boma ingathe kusaina panganolo itafunsana ndi Pulezidenti, ngati ciri cokomera anthu onse. Motero mudzi umene uganiza kuti ukakhala cete pulani idzaulambalala udzinamiza wokha.

CHIPATA WA LERO

Pa 24 February 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti Chipata ndi mzinda, wacisanu m'Zambia pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Mu 2018 maboma awiri atsopano, Kasenengwa ndi Chipangali, anadulidwa kucokera ku boma la Chipata, ndipo lirilonse liri ndi khonsolo yace. Ngakhale maboma awiriwa atacoka, kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chipata lokha. Njanji yocokera ku Mchinji inafika mu 2010, ndipo cipata catsopano ca pa malire a Mwami cinatsegulidwa mu 2022. Zonsezi zikoka anthu, ndipo anthu afuna pogona.

Likulu la boma latsopano lifuna maofesi, nyumba za anchito, msika ndi cipatala, ndipo malo ambiri ozungulira ndi a mafumu. Mzinda nao ufuna pokulira. Malo amenewo sadzagwa kumwamba. Adzacokera ku midzi ya Angoni ndi Acewa imene yazinga tauni. Cinanso nciti? Munthu wa ku Kasenengwa kapena ku Chipangali amene anazolowera kupita ndi nkhani za malo ku khonsolo ya Chipata adziwe kuti khomo loyamba kugogoda tsopano ndi khonsolo ya boma lace.

MALO A MITUNDU ITATU

Kuti tisasokonezeke, tiyeni tisiyanitse mitundu itatu ya malo imene anthu athu akhalapo.

Woyamba ndi malo a mwambo. Lamulo la 1995 liwabvomereza, ndipo munthu wokhalapo mwa mwambo sali wakuba. Koma dera lanu likalowa m'pangano la mapulani, mau a nyakwawa okha sakwanira. Muyenera kudziwanso cimene pulani yanena za malo amenewo.

Waciwiri ndi malo a lisi ya zaka 99. Ambiri aganiza kuti akagwira taitilo m'manja angamange ciriconse cimene mtima wao wafuna. Si conco ai. Taitilo inena kuti malo ndi anu. Siinena kuti mangani cigayo pakati pa nyumba zogona. Musanakumbe maziko mupereke mapulani a nyumba ku khonsolo ndi kulandira cilolezo. Mukafuna kusandutsa munda kukhala mapuloti, kapena nyumba kukhala sitolo, cimeneco ndi kusintha nchito ya malo, ndipo cifunanso cilolezo. Womanga popanda cilolezo angapatsidwe kalata yomuletsa, ndipo akapitiriza, nyumba yace ingagwetsedwe.

Wacitatu ndi malo a m'komboni imene yalengezedwa kuti ikonzedwe. Kumeneko munthu alandira laisensi ya zaka 30, ndipo amanga motsata pulani ya komboniyo.

Pa nkhani yosandutsa malo a mwambo kukhala lisi ndifuna kuima pang'ono, pakuti apa mabanja ambiri apasuka. Njira yace iyamba ndi cibvomerezo ca mfumu, ipita ku khonsolo, ndipo ithera kwa Komishinala wa Malo, amene yekha ndiye apereka kalata ya ofa m'malo mwa Pulezidenti. Kalata ya Boma ya nambala 1 ya 1985 inalangiza kuti malo otere operekedwa kwa munthu mmodzi asapitirire mahekitala 250. Lamulo lifuna kuti aliyense amene nkhaniyo imkhudza afunsidwe, ndipo mu 1999 khoti la Supreme Court linagamula kuti abale amene ali ndi gawo pa malo a banja sayenera kudumphidwa. Dziwaninso kuti malo akasanduka lisi mwini wace ayamba kulipira msonkho wa nthaka caka ndi caka, ndi kuti lamulo la 1995 silinaike njira yowabwezeranso ku mwambo. Madzi akatayika saoleka. Munda wa pfuko lonse ukalembedwa m'dzina la mwana mmodzi wocenjera, mwanayo angaukongolere ndalama ku banki, ndipo ngongole ikamkanika, alongo ace ndi ana ao adzasowa polima.

PAMENE SIPAYENERA KUMANGIDWA

Pali malo amene palibe mfumu, kansala kapena wapampando angakupatseni. Mseu uliwonse uli ndi malo ace osungidwa m'mbali. Lamulo la miseu la 2002 liika mamita 100 m'lifupi kwa mseu waukulu wa mtundu wa Great East Road, ndiko kuti mamita 50 mbali iyi ndi 50 mbali iyo kucokera pakati. Kunsi kwa nthambo zikuluzikulu za magetsi nakonso sikumangidwa. Chipata ndi mzinda wozingidwa ndi mapiri. Tikadula mitengo pa Kanjala ndi mapiri anzace kuti timangepo, madzi a mvula adzatsika ndi miyala pa nyumba za anzathu a m'munsi. Mzinda umwa madzi a m'madamu a Lutembwe. Tikamanga zimbudzi m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje yothira m'madamuwo, tidzamwa zonyansa zathu zomwe.

Wina angati, Boma silingagwetse nyumba ya munthu wosauka. Kumbukirani za ku Chingola. Mu August 2022 nyumba zoposa 300 zimene zinamangidwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe zinagwetsedwa, ndipo mabanja anagona panja ndi katundu wao. Sitifuna kuti misozi yotere idzagwe kuno kwathu. Boma likafuna malo a munthu amene akhalapo mwa lamulo, pali lamulo la 1970 lonena za kutenga malo ndi kupereka cipukuta misozi. Koma amene wamanga pa malo oletsedwa alibe poimira. Ndipo munthu amene anamgulitsa malowo, tsiku limenelo saoneka.

NCHITO YA CIPANI M'MUDZI

Tsopano ndilankhula ndi inu atsogoleri a nthambi, ndipo sindidzabisa mau. Ofesi ya cipani si ofesi ya malo. Wapampando wa nthambi, mlembi, mtsogoleri wa acinyamata, ngakhale kansala payekha, alibe mphamvu yogawa puloti. Khadi la cipani si cikalata ca malo. Munthu amene abvala malaya a cipani ndi kuyenda ndi cingwe coyezera, nalandira ndalama za amai amasiye, ameneyo ndi mbala, ndipo aipitsa dzina la ife tonse. Mukamuona, kanenani kwa mfumu, ku khonsolo ndi ku polisi, ngakhale akhale mphwanu.

Nchito yathu yeniyeni nayi. Coyamba, pitani ku khonsolo mukapemphe kuona pulani ya boma lanu. Si cinsinsi ca akuluakulu. Lamulo la 2015 lifuna kuti anthu afunsidwe pamene pulani ikonzedwa, ndi kuti aione ndi kunenapo maganizo ao isanabvomerezedwe. Funsani kuti mudzi wanu waikidwa m'gawo liti: la ulimi, la nyumba, kapena la mafakitale.

Caciwiri, akatswiri a mapulani akaitana msonkhano, dzazani bwalo. Katswiri wocokera ku Lusaka aona cithunzi cojambulidwa kumwamba; sadziwa kuti kankhalango ako ndi manda, kuti njira iyo ndi yopitira ng'ombe kumadzi, kuti dambo ilo ndilo madimba amene adyetsa mudzi m'cilimwe. Mukapanda kumuuza, adzalemba kuti ndi malo opanda nchito. Mutu umodzi susenza denga. Makomiti a citukuko a m'mawodi, amene lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa, ndiwo njira yotengera mau a mudzi ku khonsolo. Sankhaniko anthu olankhula, osati ongoombera m'manja.

Cacitatu, thandizani anyakwawa kulemba. Akulu amene alipo pano akumbukira lamulo la 1971 limene linafuna kuti mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa anthu ace. Nzeru imeneyo ikali yabwino. M'zaka za pambuyo pa 2014 bungwe la Chipata District Land Alliance linathandiza mafumu Mkanda, Mnukwa, Maguya ndi Mshawa kuyeza minda ndi kupereka zikalata za malo a mwambo. Cikalata cotere si taitilo ya Boma, koma ndi umboni wolembedwa wa malire ndi wa anthu okhalapo, ndipo mudzi umene uli ndi mapu ace ufika pa pangano ndi khonsolo uli ndi conena.

Cacinai, amai asatsalire kumbuyo. Ndondomeko ya malo imene Boma linakhazikitsa mu 2021 inanena kuti theka la malo ogawidwa ndi Boma lipite kwa akazi. Dzina la mai lilembedwe pamodzi ndi la bambo. Bambo akamwalira, ndi dzina lolembedwalo limene lidzaletsa acibale olanda kutulutsa ana m'nyumba.

Cacisanu, musanagule ndi musanamange, funsani. Safunsa anadya phula. Funsani mfumu ngati wogulitsayo ali ndi ufulu. Funsani abale ace. Funsani khonsolo ngati malowo ndi omangapo nyumba. Ulendo umodzi wa ku khonsolo ndi wochipa kuposa thumba limodzi la simenti. Mukaona kuti mwaponderezedwa pa nkhani ya malo, pali bwalo la Lands Tribunal limene nchito yace ndi kumva madandaulo otere, musathamangire nkhwangwa.

KWA MAFUMU ATHU

Kwa inu eni dziko, mafumu a pansi pa Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi, ndilankhula mwaulemu wonse. Mwambo wathu unena kuti mfumu isunga nthaka cifukwa ca amoyo, akufa ndi osabadwa. Pangano la mapulani likadza pa bwalo panu, musalikane cabe ndiponso musalisaine mumdima. Itanani anyakwawa ndi anthu, liwerengedwe m'cinenero cao. Mufunse kuti malo a sukulu, cipatala, msika ndi manda a mtsogolo apatulidwa kuti. Mufunse kuti ana a m'mudzi adzapeza mapuloti angati. Mufunsenso kuti amene adzataya munda adzalandira ciani. Zimenezi zilembedwe pa pepala, pakuti mau a pakamwa auluka ndi mphepo.

Abale anga, mu 1969 dziko lathu linali ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 4; mu 2022 tinawerengedwa oposa mamiliyoni 19. Anthu acuruka, koma nthaka siibala inzace. Popanda pulani, wamphamvu ndi wandalama adzatenga pabwino ponse, ndipo wosauka adzatsala ndi dambo ndi phiri. Pulani yolembedwa ife kulibe idzatipweteka monga mizere ya 1928. Koma pulani imene talembako tokha ndiyo idzasunga njira ya ng'ombe zathu, citsime ca mudzi ndi nyumba za ana athu.

Bwererani ku nthambi zanu, muitane misonkhano, ndipo mwezi uno usanathe nthambi iriyonse itumize anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, kukaona pulani ku khonsolo ndi kudzafotokozera mudzi cimene apeza. Pa msonkhano wotsatira tidzafuna kumva malipoti anu.

Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi.